Kabedi ka Nsungwi Kachita Nkhungu

Lolemba, 3 Malichi

Ndavundukula pulasitiki pa kabedi ka mwana. Mayo ine! Madontho akuda thupi lonse, m'mfundo mwatuluka ubweya wotuwa. Nkhungu! Masabata atatu okha kuti ndichire, ndiye mwana wanga woyamba akagone m'munda wa bowa? Bambo ake akuti, "Ingopukuta." Munthu anakhoma kabedi kamodzi kokha, basi wasanduka injiniya.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndaimbira mmisiri amene anatigulitsa nsungwizo. Ndati, "Bambo, kuno kwagwa nkhungu." Iwo: "Dikirani dzuwa lituluke mayi, ibalalika yokha." Amaganiza kuti ndikunena ya m'mawa ija! Ngati ine ndingawononge mayunitsi kuwauza zanyengo. Abwera Lachinayi.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafukula manotsi a kuyunivesite. Nsungwi yaiwisi imadzaza sitachi, ndipo kwa mafangasi obweretsa nkhungu limenelo ndi phwando. Ena amangodetsa pamwamba, ena amadya mkati mpaka nsungwi n'kusanduka chinkhupule, kunja ikunyezimira bwinobwino. Amafuna chinyezi ndi malo opanda mpweya.

Tsono ndani anapaka vanishi kawiri nsungwi zisanaume, n'kukulunga pulasitiki kuti fumbi lisalowe? Mayi wa digiri ya sayansi. Ine. Sindinawauze bambo ake.

Lachinayi, 6 Malichi

Mmisiri wabwera wopanda chida chilichonse, wangopempha supuni. Wagogoda nsungwi imodziimodzi, khutu pafupi. Ngwe, ngwe, ngwe. "Izi n'zamoyo, zangoda nkhope." Pa mwendo wa kukhoma: phu. Wabaya ndi chikhadabo, chalowa ngati m'papaya lakupsa. Mwendo umenewo ndiye wa kumutu.

Mmisiri uja: "Anakulunga pulasitiki ndani?" Ine maso kudenga. Bambo ake amvekere, "Tonse." Chabwino, ndawakhululukira zauinjiniya zija.

Loweruka, 8 Malichi

Mwendo watsopano, wa nsungwi yokhwima, youma. Zinazo tapala vanishi yense, tatsuka ndi viniga, taanika pakhonde pomwe pamapita mphepo. Padzuwa lamphamvu ayi, akuti zimang'aluka. Nyumba yonse ikununkha ngati tchipisi.

Lolemba, 10 Malichi

Madontho sanabwerere. Ndimakayang'ana kasanu pa tsiku ngati woyang'anira mayeso.

Lachitatu, 12 Malichi

Mlamu wanga, mlongo wa bambo ake, wabwera ndi matewera. Ndamuuza kuti mtima sunakhale m'malo. Iye wanyamula mwana wake wa zaka zinayi, chimunthu cholemera ngati thumba la simenti, n'kumuika m'kabedimo. "Dumpha!" Wadumpha kakhumi. Kabedi phee, osalira n'komwe.

Ndaseka mpaka misozi. Kenako msana wandigwira, kugwira kwina, kosakhala kwa masiku onse. Mlamu wandiyang'anitsitsa, wasiya kuseka.

"Achimwene, siyani viniga uyo. Makiyi a galimoto ali kuti?"