Achimwene, Ndowa Musatenge

Nabvutika,
Chipata.
9 Juni 2025

Okondedwa achimwene a Gerson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani ndi moyo ku Kitweko, ngakhale ndikudziwa kuti simuli bwino. Ndamva kuti foni munaiswera kukhoma, ndiye ndapatsira kondakitala wa basi kuti mawu angawa muwagwire m'manja. Mukafuna kuing'amba, muyambe mwawerenga.

Tsiku lomaliza kulankhulana munandiuza kuti Lachinayi likubwerali simupita kwa dokotala wa za maganizo kumene apolisi anakutumizani. Munati, "Ine si wamisala. Akandimanga zingwe, andibaye jekeseni, ndizingochucha dovu." Munaseka. Ndimakudziwani achimwene, mutha kulimbana ndi amuna atatu pabala, koma chitseko cha chipatala chimakuopsani.

Alamu anga a Memory ndawaona. Mano awiri akutsogolo palibe, diso lakumanzere linatupa mpaka kutsekeka, ndipo pamutu pali dazi pomwe munazula tsitsi powakokera pakhonde. Limbani wanu, mwana wa zaka zinayi, akangomva chitseko chikumenyeka amathawira pansi pa bedi. Musandifunse kumene ali. Ndikukudziwa, koma sindikuuzani, ngakhale mubwere ndi nkhwangwa.

Musaganize kuti ndikulemba ngati woyera mtima. Mkono wa Fortunate wanga sunathyoke chifukwa cha mtengo wa mango monga ndinakuuzani chaka chatha. Ndinauthyola ndine.

Linali Loweruka, ndikumalizitsa kusoka mayunifolomu a amayi a kwaya, mawa lake kuli chikondwerero kutchalitchi. Ndinamupatsa nsimbi ya makala kuti azisita, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Khala linagwera pa bulauzi ya atcheya n'kuboola pachifuwa penipeni. Sindikumbukira kuti pamakina ndinadzuka bwanji. Ndimangokumbukira nditamugwira mkono, ndikuupotokola, ndikumumenyetsa pa felemu ya chitseko, kamodzi, kawiri, mpaka fupa linalira ngati mzimbe. Sanalire msanga. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Amama pepani, ndisoka ndekha."

Kuchipatala ndinati wagwa mumtengo wa mango. Nesi atamufunsa mwanayo, nayenso anati, "Ndagwa mumango." Bodza limenelo sindinamuphunzitse, anangolitola. Achimwene, ndinamva mawu anu ndi anga tikuuza aphunzitsi kuti tagwa panjinga, misana ili zilonda zokhazokha za lamba wa chigayo wa atate. Kumudzi ku Mtenguleni anthu ankangoti ndi ukali wa pamtundu, magazi a Chingoni, ndipo amayi anafika kumanda khutu limodzi lili logontha. Nesi uja anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Mu Ogasiti muno ankathyola chiyani, maluwa?" Kenako anandilembera kapepala ka tsiku lokaonana ndi dokotala wa za maganizo.

Mantha amene muli nawowo ndinawamva masiku asanu ndi atatu. Ndinkadziwa ine kuti ondilowetsa mmenemo sanditulutsanso. Tsikulo litafika ndinalongedza monga timachitira m'bale akagonekedwa: bulangete, ndowa, mbale, kapu ndi sopo. Fortunate ndinamusiya kwa aneba, amake Chance, ndipo ndinawauza kuti, "Mukaona mwezi watha sindinabwere, mwanayu mukampereke kwa amalume ake ku Kitwe." Taonani nzeru zanga, ndinkati ndimuchotse pamoto n'kumuika pa makala. Ndinadzera njira yakuseri kwa msika kuti makasitomala asandione.

Chipindacho chinali chaching'ono, mipando iwiri ndi kathebulo. Munalibe bedi, munalibe chingwe, ngakhale fungo la mankhwala. Dokotalayo, a Irene, ndi mtsikana woti ndingamutume pamsika. Anayang'ana katundu wanga n'kufunsa, "Amayi, mwabwera kudzatunga madzi?"

"Ndamva kuti kuno mumagoneka," ndinayankha.

"Ola likatha ndikuthamangitsani, panja pali ena."

Ndinaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo anandisiya ndilire osandigwira. Ndinayembekeza kuti andifunsa ngati ndimamva mawu m'mutu. Iwo anangoti, "Mukamakwiya, zimayambira pati m'thupi?" Funso limeneli palibe anandifunsapo chibadwire. Ndinati makutu amatentha, m'kamwa mumamveka chitsulo. Anati pamenepo ndiye pothawira: makutu akangotentha ndiike pansi chilichonse chili m'manja, ndituluke, ndikaime pampopi mpaka azizire. Za atate sindinanene tsiku limenelo, ndipo sanandikakamize. Za Fortunate ndinanena zonse. Sanandinyengerere kuti ndi zazing'ono, anandiuza poyera kuti aziona mwanayo mwezi uliwonse, ndipo akapeza chilonda china akanena kwa oyenera. Ndinabwerera ndi ndowa yanga pamutu dzuwa lisanafike paliwombo, amake Chance mpaka lero amandiseka.

Sindikunamizani kuti ndinachira. Mwezi wathawu ndinaponya sizasi, inakazikika pachitseko, Fortunate ataima pafupi pomwepo. Koma chichokere tsiku lija sindinamukhudze, ndipo kwa a Irene ndimapitabe. Mkono unalumikizana mokhota pang'ono. Ndikamamusokera diresi ndimauona poyeza, ndipo zimandiwawa koopsa.

Ndiye chonde achimwene, pitani. Ndowa musatenge, bulangete musatenge, ndipo musadzere pabala kuti mulimbe mtima. Valani malaya abwino mukakhale pampando. Mukasowa chonena mukanene kuti mwasowa chonena, amazidziwa zimenezo. Koma musakanene kuti a Memory anagwa, chifukwa pabanja pathu tagwa mokwanira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine sindingakupitireni. Ndikuopa kuti tsiku lina kondakitala yemweyu adzandibweretsera uthenga wa maliro, inu muli m'ndende. Munkandibisa kumbuyo kwanu atate akamavula lamba, ndipo mikwingwirima yambiri ya pamsana panupo inali yanga. Ndimakukondani, n'chifukwa chake ndalemba zolimba chonchi.

Kuno kwazizira, mtedza anthu akumba ndipo wachita bwino. Azakhali a Rhoda ku Mwami akupereka moni, akuti mwendo wayamba kupepuka. Amake Chance akuti moni. Fortunate akuti moni kwa amalume. Limbani wajambula galimoto yaikulu, akuti ndi ya adadi ake, koma nditamupempha kuti ndiike mu envulopu wakana.

A Memory ndinawafunsa dzulo ngati ndingakulembereni moni wawo. Anaika dzanja pakamwa monga amachitira masiku ano akafuna kulankhula. Kenako anati, "Mudzandifunsenso Lachisanu."

Ndidzapita kukawafunsa, achimwene. Ndipatseni choti ndikawauze.

Ndine mlongo wanu,
Lusiya