Anzanga Ayamba Digiri, Ine Ndatsala

Okondedwa Atsibweni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi azakhali. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Za sukulu zija zakanika. Kalata inabwera ndithu yoti anditenga ku yunivesite kuti unamwino wangawu ufike pa digiri. Ndinayamba kale kulota za masitazi ndi udokotala wa maphunziro umene munkandilimbikitsa uja. Koma mwezi womwewo Esinati, namwino mnzanga, anamusamutsa, ndipo pachipatala chathu chaching'onochi ndinatsala ndekha.

Nditapita ku Nsanje kukapempha tchuthi, abwana anati, "Dikirani kaye tipeze wolowa m'malo mwanu." Ndadikira masabata asanu, palibe wabwera. Lolemba lapitali anzanga ayamba makalasi. Tsiku limenelo ine ndinali kuthandiza amayi awiri kuchira, mmodzi anachita kubwera naye pa bwato kuchokera kudambo. Ana onse ali moyo. Nditasamba m'manja ndinakakhala kuseri n'kulira.

Akuti ndidzayesenso chaka chamawa, koma zaka zikupita. Chonde muwaimbire amayi muwafotokozere. Analengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo akupita ku yunivesite, ndiye ine pakamwa pakundilemera.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mwana wanu,
Malita