Timapaipi m'mphuno mwa mwana wanga

Lolemba, 3 Febuluwale
Mkazi wanga Tatu wachira. Mwana wamkazi, koma sanalire. Madzi anatuluka obiriwira. Anamwino, a Doris, akuti anatopa m'mimba, n'kuchita chimbudzi asanabadwe, n'kuchikokera m'mapapo popuma koyamba. Tinayenda maola asanu m'matope kuchokera ku Katuli kudzafika kuchipatala kuno. Ndamuona. Nthiti kulowa, kutuluka, mothamanga ngati za mwanapiye.

Lachiwiri, 4 Febuluwale
Ali pa makina. Timapaipi m'mphuno, pambali botolo la madzi likuchita thovu. Mpweyawo umatsegula timatumba ta m'mapapo kuti tisafote. Jakisoni ndi woteteza ku matenda. Mapapo ndimawajambula ndi choko chaka chilichonse m'kalasi mwanga.
Apongozi, a Mwanamvua, sakudya. Akuti kwawo aliyense woikidwa pa mpweya anabwerako ali maliro.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Afika a Swadick, malume ake a Tatu. Ndawafotokozera mofatsa, mpaka kujambula pachikuto cha kope lino: mpweya supha, koma umaperekedwa kwa odwalitsitsa, ndipo ena amafika mochedwa. Anamvetsera mpaka kumapeto. “Aphunzitsi, mwalankhula bwino. Koma mwanayu ndi wa mbumba yanga.” Akufuna mawa achotsedwe pa makina, apite kumudzi. Ine mkamwini, mawu anga athera pati? Tatu misozi basi.

Lachisanu, 7 Febuluwale
Dzulo sindinathe kulemba. Masana anamwino atatembenuka, apongozi anasolola timapaipi. Milomo ya mwana inayamba kuda iwo akuona. Akuti anatibwezera okha, mokhotakhota, akuitana a Doris. Atatuluka anakhala pansi pakhonde, osayang'ana munthu. Kwa achimwene awo anangoti: “Mwana sachoka pano.” A Swadick abwerera okha.
Sindinawakalipire.

Lamulungu, 9 Febuluwale
Akupuma modekha. Mkaka wofinya ukudutsa pa kachubu. Mawa ndi tsiku lopatsa dzina. Tatu akufuna Rahma. Sindinalitchule mokweza.
A Doris akuti masana ano ayesa kuzimitsa makina, aone ngati angapume yekha. Apongozi akana, aima pafupi ndi botolo. A Doris andituma ndikawafotokozere apongozi kuti palibe choopsa, poti ine ndiye wodziwa kufotokoza.
Ndakhala pabenchi pano theka la ola. Sindinadzuke.