Funso Limene Zebedee Anakhwatcha

Mlare, Karonga
14 Ogasiti 1983

Okondedwa achemwali anga Hilda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Dedzako. Kalatayi ndapatsira mnzanga Bertha pamanja, mukawerenga muiponye pamoto.

Munamva kale kuti mwamuna wanga Zebedee anamutenga mu Epulo. Mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Chimene simunamve ndi ichi: amene anamugwiritsa ndine.

Mukudziwa mmene munthu uja amakondera mbiri yakale. Anali ndi buku lothothoka chikuto lonena za Karl wa nambala 12, mfumu ya ku Sweden. Ngakhale pondifunsira ankandisimbira zomwezo, ine ndi kumaseka kuti mwamuna wanji wokopa mkazi ndi maliro a azungu. Mfumuyo akuti inalowa ufumu ili ndi zaka khumi ndi zisanu, chisoti inadziveka yokha, ndipo panalibe woitsutsa. Inatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ili pankhondo, osakwatira, anyamata a m'dziko mwake akutha. Kenaka inawomberedwa m'mutu ku Norway. Zebedee ankaimvera chisoni. Ankati munthu amene palibe womuuza kuti "basi" ndi wamasiye.

Nkhaniyi ankaiphunzitsa ana ake a Fomu 2 ngakhale siili pa silabasi. Pokonza mayeso analemba funso lakuti: kodi mfumu inaphedwa ndi adani, kapena ndi anthu ake omwe atatopa nayo? Ataganiza bwino analikhwatcha ndi pensulo, ndi kundipatsa pepalalo kuti nditaipe ku ofesi ya sukulu kumene ndimagwira ntchito. Ahedi athu safuna kuona pepala lotaipapo la sitensulo lotsala theka, ndipo pansi panatsala malo. Funsolo linkawerengekabe, komanso ine ndinkalikonda. Ndinalitaipa, achemwali, ndikuimba nyimbo.

Sabata isanathe kunabwera galimoto ya apolisi. Anamuonetsa pepala la mayeso pamaso panga, ndi kumufunsa kuti mfumu yotopetsa anthuyo ndani. Iye analiyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine kamodzi kokha. Anati, "Ndinalemba ndine, ndekha." Ine ndinangoonerera akumukweza m'galimoto.

Tsopano abale ake akuti amene anamupereka ndi a Manase, mphunzitsi mnzake amene ankalimbirana naye udindo. Kutchalitchi palibe wokhala nawo benchi imodzi. Mpunga wawo ku Hara anthu anautsekera madzi mpaka unapserera. Dzana mkazi wawo anandipeza pachitsime, ndi kundisenzetsa ndowa. Ndinalira njira yonse.

Apongozi anga ndiye amandisunga ngati dzira. Adada, bambo ake a Zebedee, amangoti, "Ndiwe mwana withu, Modesta, khala waka pano." Mawu amenewo, oti ndine mwana wawo ndingokhala pano, amandiwotcha kuposa kutukwanidwa.

Kuno si kwathu, achemwali. Ng'ombe za lobola zinaperekedwa, choncho ana ndi a kuchimuna. Akandithamangitsa, Yunike ndi Reginald atsala. Miyezi inayi ndakhala chete chifukwa cha ana amenewa, ndikudzinamiza kuti Zebedee naye anafuna kuti ndikhale chete. Mwina anafunadi. Koma sanadziwe kuti mtolo wanga adzausenza a Manase. Ndatopa, ndipo ndikuopa kwambiri.

Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi ndikagwada pamaso pa adada, ndi kunena zonse. Musandilembere zondiletsa, kalata yanu idzapeza nditanena kale.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawauze kanthu, mtima wawo uja mukuudziwa. Moni kwa alamu ndi ana onse. Yunike akuti muuze amayi aakulu kuti dzino lachiwiri lachoka. Reginald wayamba kuyenda, amagwira khoma ndi kumaitana adada ake pakhomo. Ngati mungamve kuti ndikubwera, musavutike ndi kubwereka mphasa zambiri. Imodzi idzakwana.

Ndine mng'ono wanu,
Modesta