Dzanja la Lem pa Phewa Langa

Lamlungu, 8 Malichi 1914

Zanesville. Sitima yachedwa maola awiri. Makwerero anga ochitira sewero afika bwino, ndowa ya penti yapindika pang'ono. Chipinda ndapeza kwa mayi wina wa ku Hungary, kabichi m'mawa, kabichi madzulo.

Mkulu wa holo ya zisudzo ya Marigold ndi Lem Hatcher. Lem wanga, amene ankandigwirira makwerero zaka khumi ndi zinayi mpaka bondo lake linathyoka ku Toledo. Zaka zisanu ndi zinayi osaonana. Wanenepa, ali ndi wotchi ya tcheni, akutsimphinabe. Wandikumbatira mpaka nthiti kulira. "Nkhalamba iwe, sunafebe?"

Ndamupatsa zithunzi zanga zisanu zopachika pakhomo. Chimodzi ndi chakale chija tinajambulitsa tili awiri, chimene ndinadula ndi sizasi pamene ndinkayamba kusewera ndekha. Dzanja lake likuonekabe pa phewa langa, sindikanalichotsa popanda kudula khutu langa lomwe. Wachiyang'ana nthawi yaitali, kenako waseka, akuti sindinakalambe.

Sabata ino ndiye yonse. Lipoti la pano likakoma, ofesi yaikulu ya ku New York indipatsa masabata makumi atatu m'maholo awo. Likaipa, ndikubwerera kokaseketsa zidakwa m'mabala. Koma wolemba lipotilo ndi Lem. Mtima uli m'malo.

Lolemba, 9 Malichi

Chionetsero choyamba, masana. Ndaonera anzanga ndili kuseri kwa katani. Oyamba, abale awiri a njinga, osalankhula, anthu akusakabe mipando. Bwinoko ndithu. Wachiwiri, mtsikana woimba, mawu ngati chitseko chosowa mafuta. Amubwezera zithunzi zake chionetsero chisanathe, ndiye kuti ntchito yatha. Ndamupeza akulira pa masitepe, sindinayime. Wamatsenga, nkhunda yasuzumira m'thumba nthawi isanakwane. Omaliza, agalu a Mjeremani. Agalu ndi anzeru, mwini wake ayi.

Ine andiika wachiwiri kuchokera kumapeto, malo a mafumu. Mphindi khumi ndi zinayi. Ndimawerenga ndili pamwamba: aseka kakhumi ndi kasanu ndi kanayi. Ndowa ya penti itandivala kumutu, mayi wina wa kutsogolo wachita kugwira m'mimba. Lem ali chilili kumbuyo kwa holo ndi kabuku ndi wotchi yake.

Lamulo lathu ngakhale mwana amalidziwa: usatumize zovala kochapitsa mkulu wa holo asanakuone Lolemba, angakuchotse zikadali m'madzi. Lem wandimenya pamsana. "Katumize malaya ako onse, aise. Uli kwanu kuno."

Ndatumiza onse asanu ndi limodzi. Abwera Loweruka.

Lachiwiri, 10 Malichi

Lem wandipempha kuti ndisinthane ndi agalu, lero lokha. Akuti galu wamkulu akudwala, sangadikire mpaka kumapeto. Malo omaliza ndi a agalu ndi ozunguza mbale, si a munthu wodyera pakamwa. Nthawi imeneyo anthu amakhala akuvala zikhoto, kusaka zipewa, kuthamangira chakudya kwawo. Ndavomera. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Ndasewerera nkhongo za anthu. Aseka kanayi.

Galu wodwalayo ndamuona ndi maso anga akudumpha mphete zitatu, mchira uli m'mwamba.

Lachitatu, 11 Malichi

Womalizanso. Ndamusaka Lem m'mawa wonse, akuti wapita kosindikizitsa mapepala.

Masana, mzere wachitatu, bambo wa chipewa chotuwa, kabuku pabondo. Anthu a ku ofesi yaikulu sitiwaphonya, saseka ndipo sawomba m'manja. Agalu wawaona pa malo anga, holo yodzaza. Ine nditangoponda makwerero, mipando yayamba kulira phaa, phaa. Ndakweza mawu mpaka kukhosi kuwawa. Ndafulumira, ndowa yandiphonya kumutu, yagwera pansi yokha. Zaka makumi awiri ndi zitatu sinandiphonyepo.

Bamboyo sanali kuyang'ana ine. Anatembenuka, nkumawerenga otuluka. Walemba mzere umodzi, watsatira anzakewo.

Kabichi ndamusiya m'mbale.

Lachinayi, 12 Malichi

Mayi Odell woimba piyano ndiye amakopera malipoti a Lem, poti amalemba mokongola. Wandikokera kuseri kwa mabokosi, maso ali pansi. "A Kilgore, kalata yoti bwana uja abwera Lachitatu inafika sabata yatha. Galu sanadwalepo. Musanditchule, ndili ndi ana."

Lipoti walinena pamtima, ine ndalilemba pano kuti ndisadzadzinamize. Kilgore, wopenta pa makwerero. Mphindi khumi ndi zinayi. Zakalekale. Anthu opitirira theka anatuluka iye akusewera. Sindingamulandirenso.

Za Lolemba mulibe. Kuseka konse kuja kwalowa m'thumba la Lem. Ndipo chikundipweteka n'chakuti mulibe bodza ngakhale limodzi, bwana wa chipewa chotuwa anaona zomwezo.

Wandigwiritsa fuwa la moto munthu amene tinkafunda naye bulangete limodzi m'masiteshoni. Amayi ake atamwalira ndinanyamula nawo bokosi ndi ine. Akanandiuza pamaso kuti ndatha, ndikanamutukwana, mawa nkuiwala. Koma kundikumbatira! Kundiuza kuti ndichapitse malaya! Ndikumuda, ndikulemba momveka, ndikumuda.

Lachisanu, 13 Malichi

Ndamupeza mu ofesi, mwendo woipawo uli pa kampando. Ndinakonza mawu ambiri, atuluka ochepa. Ndamufunsa ngati Lolemba anali wogontha. Sanakwiye n'komwe, amangopukusa wotchi.

"Lipoti ndi la zimene maso aona, Ambrose. Si iwe unandiuza choncho?"

Sindikukumbukira kuti ndinanenapo zimenezo.

Wandikankhira envelopu yomata. Zithunzi. Akuti malo omaliza aikapo abale a njinga, ine ndikhoza kupita. Malipiro a masiku anayi. Pakhomo pomwe panali nkhope yanga pali kale galu wovala chipewa.

Wochapa akuti Loweruka ndi Loweruka, malaya akadali m'madzi.

Loweruka, 14 Malichi

M'sitima. Malaya atatu anyowabe, ndawakulunga m'nyuzipepala. Tikiti ndagula ya ku Wheeling, sindikudziwa amene akundifuna kumeneko.

Ndatsegula envelopu kuti ndione ngati sanazibowole ndi misomali. Ndinapereka zisanu. Muli zisanu ndi chimodzi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kachidutswa kopyapyala, kachikasu, kofewa m'makona ngati kakhala m'chikwama zaka zambiri. Lem, wowonda, akuseka, mkono wodukira pachigongono. Ndakaika pambali pa changa chija. Mkono wakumana ndi dzanja, ndendende.

Ndinakasiya pa tebulo la chipinda chathu ku Toledo, pamodzi ndi sizasi. Iye ali m'chipatala. Mkulu wa holo ya kumeneko anali atalemba kuti wa pamwamba ndiye woseketsa, wa pansi aliyense angathe, ndipo ofesi inandipatsa malo ndekha. Ndakumbuka tsopano. Ndinawerengera Lem lipotilo pabedi, ndinanena mawu aja akuti lipoti ndi la zimene maso aona, m'mawa mwake ndinakwera sitima osatsanzika.

Bondolo linathyoka chifukwa makwerero anaterereka ine ndili pamwamba, iye nkuwatchinga ndi mwendo. Izi sindinalembepo m'buku lililonse.

Chichokereni ku Toledo sindinamulemberepo kalata. Ndimati ndimulembera ndikafika ku Cleveland. Kenako ndimati ndikafika ku Buffalo. Kenako ndimati