Alonda a M'diso Anagona, Alamu Nkudya Minofu

Mwana wanga Tisa,

Akulemba ndi atate ako, Nduna ya Maso ya Mwase yense. Uli uli? Kuno tili makola.

Ng'ala ija anandichotsa. Adokotala akuti m'diso muli timapuloteni tolondela, toteteza maselo kuti asafe dzuwa ndi ukalamba zikawapanikiza. Alonda anga anagona, diso nkuchita mtambo. Pamenepo amalume ako a Zimba anayamba kusankha minofu m'mbale mwathu, ine nkumakukuta mafupa.

Sindinawauze kuti ndikuona. Dzulo ndinabisa sabola wakambuzi m'ntchafu ya nkhuku. "Idyani, mulamu," anatelo a Zimba, ntchafuyo ili kale m'manja mwawo. Analila mpaka kuitana amayi awo.

Unditumizile magalasi a dzuwa, alonda a diso linalo asagonenso. Mulungu akusunge.

Zoti anaitana amayi awo ndapeka. Koma misozi ndinaiona ndi diso langa latsopano, ndipo sindinathane nawo.