Mudzandisewera Bwanji Ndikafa?

Segu,
9 Novembala

Okondedwa a Tenin, mng'ono wanga,

Usadzimve ukulu poona ndakulemekeza. Kusukulu ya akuluakulu anatiuza kuti kalata imayamba chonchi, ngakhale ukulembera munthu amene unkamupukuta mamina. Ndalemba ndekha, ndiye zilembo zikamapendekera ngati mapira apamphepo usaseke. Kuno tilipo, kupatula bondo langa lija lodziwa za mvula kuposa wailesi.

Nsalu yoyera imene unatumiza kuchokera ku Abijani pamaliro a Korotumu, mkazi mnzanga, inafika. Koma zimene zinatsatira malirowo sunamve, ndiye khala pansi.

Poti mayi uja anafa atakalamba, adzukulu anachita mwambo wawo. Anavala nsalu zake, anatenga ndodo yake, n'kuyamba kumusewera pabwalo. Minata, mwana woyamba wa mwana wanga Zumana, ndiye anali Korotumu. Anatsimphina mwendo womwewo, anamasula mfundo yapansalu, n'kutulutsa kachibuma ka shuga, n'kupatsa kamwana kena uku akunong'ona kuti, "Meza msanga, Wasa asaone." Podziwa kuti Wasa wake ndi ine, anthu anaseka mpaka kugwirana. Inenso ndinaseka, kuopa maso a anthu. Kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo azibambo andevu zoyera ankapukuta misozi poyera.

Ine ndinalowa m'nyumba ndi nsanje. Inde, kuchitira nsanje munthu wakufa. Mitala sithera kumanda.

Patapita masiku, akuluakulu onse ali kumunda, ndinaitana adzukulu pansi pa mtengo wa mango.

"Ine ndikafa mudzandisewera bwanji?"



"Agogo, inu simudzafa," anatero Minata. "Imfa ikuopa kukalipiridwa."

"Iwe kankhuku, ndati sewera. Korotumu lake sanalione. Ine ndikufuna ndione langa ndili ndi maso, ndikonze molakwika."

"Simutimenya?"

"Unamva liti gogo akumenya mdzukulu pa sewero la maliro?"

Basi anandivula mpango, anaumanga chopendekera, n'kukhala pakampando kanga. Mng'ono wake Setu anakhala mayi wawo Sanata, mpongozi wanga. Anabwera ndi chikho chopanda kanthu, n'kugwada. Minata anavundukula, ananunkhiza, n'kukweza mlomo mpaka kugunda mphuno.

"Sanata, wamwalira ndani mumsuzi muno? Therere ili waphika kapena wachapa? Kodi kwanu ku Markala mchere amaubisa kwa akazi?"

Tenin, ndinaseka mpaka bondo kuiwala kuwawa. Anali mawu anga enieni, ndipo kunena zoona ndinawanyadira. Ndinangoti, "Koma mlomo sindikweza choncho."

Onse pamodzi anati, "Mumakweza."

Kenako Minata anatembenukira kukhoma akutafuna mtedza wa kola, monga ndimachitira ndikamaliza kulankhula. Ndinayesa sewero latha, poti kwa ine nkhani imathera pamenepo. Koma Setu anapitiriza. Ananyamula chikho chija, anapita kuseri kwa nkhokwe, anakhala pamwala, n'kufunda nsalu kumaso. Mapewa ankagwedezeka koma mawu osamveka. Mwana wamng'ono sapeka kulira kotero. Amachita kuona.

Kenako anadzutsa mutu n'kufunsa mkulu wake. "Nanga agogo Korotumu akhala ndani? Apa amabwera ndi shuga n'kunena kuti, 'Pirira mwanawe, minga ili pakamwa pokha, m'mimba mwake mulibe.'"

"Palibenso wobwera," anatero Minata, tsopano ndi mawu akeake. Anandibwezera mpango. "N'chifukwa chake amayi amanga katundu. Sadaka ya agogo Korotumu ikangotha akubwerera ku Markala. Abambo akudziwa. Aliyense akudziwa kupatula inu."

"Bwanji osandiuza?"

"Munthu ayambire pati, agogo?"

Mng'ono wanga, kuti ndine wapakamwa ndinadziwa ndisanathe msinkhu, ndipo ndinkati ndi chilungamo. Koma ndinkadziwa mbali yakutsogolo yokha. Zochitika kumsana kwanga ndikatembenuka sindinaziwonepo. Ndinkati khomo lino limaima chifukwa cha ine, osadziwa kuti Korotumu ankanditsata pambuyo akusoka zimene ndang'amba. Anyani amasekana zikundu, ine ndakalamba ndikuseka za anzanga changa ndisanachione.

Ndinaganiza zoti ndikhale chete. Ndinadzaza kola m'kamwa tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Pofika madzulo Zumana anali atabwereka njinga yamoto kuti anditengere kuchipatala. M'mawa mwake ndinayesa zina. Sanata atabweretsa chakudya ndinati, "Msuzi uwu wakoma." Anagwetsa chipande, analawa msuziwo kufuna kupeza cholakwika, n'kupepesa. Ndinaona kuti m'kamwa mwanga ngakhale uchi umatuluka ukuwawa ngati tsabola.

Ndiye ndinayamba kudzibisalira ndekha ngati mlenje. Ana sananame: mawu asanatuluke, mlomo umayamba wakwera. Ndinapangana ndi Minata kuti akangouona ukukwera azikhosomola. Mwana uja wakhosomola mpaka anansi akutiuza za mankhwala a chifuwa. Koma nditayang'anitsitsa ndinapeza chinthu china chimene sewero silinandionetse. Mlomowu sukwera Sanata akalakwitsa ayi. Umakwera kwambiri akachita bwino: akasinja mapira msanga, akakanda mafuta a mtedza wa karite n'kuyera bwino ngati mmene manja angawa ankachitira asanapindike. Nkhani sinali mchere. Anali mantha oti pakhomo pano ndatsala mtondo wobooka, wongodikira kusanduka nkhuni. Izi sindinauzepo munthu, ngakhale ineyo sindinkadziuza.

Usaganize kuti ndasanduka mngelo. Lachisanu lina mpunga unapserera, ndipo mawu anathamanga kuposa chifuwa cha Minata. Ndinati, "Makala tili nawo kale, mwana wa ku Markala, sitinakutume ena." Sanata ananyamula mphika n'kuzimirira. Ine ndinatembenukira kukhoma. Nditangoliona khoma lija ndinadziwa pamene tafika m'sewero. Ndinatenga ndodo n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene pa ukalamba wanga wonsewu ndinali ndisanapondeko masana.

Analipo, pamwala womwewo, nsalu kumaso.

"Sunthira uko," ndinatero, "bondo langa silidziwa kuima."

Anadzidzimuka n'kufuna kugwada.

"Khala. Ine sindine Korotumu, mawu ofewa sindiwatha. Mpunga wapserera, zimenezo n'zoona. Koma mawu aja sanali a mpunga."

"Anali a chiyani, amayi?"

"A nkhalamba yoopa kuti ilibenso ntchito pakhomo."

Ndinamasula mfundo yapansalu, poti ndinali nditamangamo shuga kuyambira tsiku la sewero lija, kudikira mtima. Iwe, ndi kutentha kwa kunoku anali atasungunuka yense, nsalu yokha itamatana, nyerere zitamanga mudzi. Sanata anayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuphulika kuseka misozi ili m'masaya.

"Amayi, ngakhale shuga wakuthawani."

"Kani pakamwa uli napo? Unkabisa kuti zaka zonsezi?"

"Ndinkaopa."

"Zopita ku Markala ndamva, ndipo nkhope yokuletsera ndilibe. Koma ukakhala, uzindiyankha chonchi. Munthu wosayankhidwa amadziyesa wanzeru."

Sadaka inachitika sabata yatha. Ndikanati wamasula katundu yense ndikanama, mitolo iwiri idakali pakona. Koma mphika wake waukulu wautulutsa, ndipo wauza Zumana kuti aona kaye mpaka kukolola kuthe. Dzulo anabwera ndi beseni la karite n'kuliika pamapazi panga. Anati, "Manja mulibe, koma maso muli nawo. Phunzitsani Minata, ine sandimvera." Mlomo unayamba kukwera wokha, ndinaugwira ndi dzanja. Tinaseka tonse atatu.

Tsopano nali pempho langa. Ndinafunsa Minata kuti ndikamakamba za iwe ndimatani. Anamanga mpango, anakweza mlomo, n'kunena kuti, "Tenin ndi katelala kake kaja." Sewero lake linali lomwelo, lalifupi, ndipo sindinaseke. Ndadziwa chifukwa chake nsalu zimafika kuno koma mwini nsalu safika. Iwe unalibe Korotumu wokutsata kuseri kwa nkhokwe. Unangokwera basi.

Bwera pa chikondwerero chathu chachisilamu chophera nkhosa chikubwerachi. Ukachedwa udzangoona Minata atavala mpango wanga, ndipo ndikufuna pofika tsiku limenelo akhale ndi kena kabwino kosewera.

Sanata akupereka moni, ndipo akuti usaope, tsopano ndimaluma kamodzi patsiku. Zumana ndi ana akupereka moni. Upereke moni kwa ana ako onse ndi adzukulu amene sindinawanyamulepo. Upereke moni kwa amuna ako, a Lasina. Dzina lawo ndimalidziwa kuyambira kale. Uwauze kuti diresi labuluu limene anandisokera, lija ndinati manja ake ndi aatali ngati a mzukwa, ndimavala Lachisanu lokha, chifukwa ndilo labwino kuposa onse amene ndili nawo. Nawonso abwere. Mphasa ndagula ziwiri.

Ndine mkulu wako,
Wasa